Timabuku ta Zaumoyo Tifike kwa Eni Ake

Mbewu yosungidwa m'nkhokwe siidyetsa mudzi ngakhale itakhala yabwino chotani. Chimodzimodzinso timabuku ndi zithunzi zophunzitsa zaumoyo: zikangounjikidwa m'maofesi a pa boma mpaka kudyedwa ndi chiswe, ndalama zimene zinagwira ntchito yozisindikiza zalowa m'madzi.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anasonyeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo linali la ana osafika zaka 18. Ambiri a iwo ali kumidzi. Tikunena za mnyamata wopalasa bwato pa dooko ku Mangochi, mtsikana amene anasiyira sukulu panjira ku Nsanje, ndi mwana wa matenanti m'minda ya fodya ku Kasungu. Amenewa salowa m'kalasi, ndipo kuchipatala amapita matenda atakula kale.

Kusadziwa kumapha. Kolera amene anabuka ku Machinga mu Malichi 2022 anatenga miyoyo yoposa 1,700, chonsecho njira zopewera matendawa, monga kusamba m'manja ndi sopo ndi kuthira mankhwala m'madzi akumwa, zimakwana pa pepala limodzi. Katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, koma kholo limene langomva mphekesera lingathe kukaniza mwana wake.

Tsono tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, galimoto iliyonse yonyamula mankhwala ndi katemera kupita kuzipatala zing'onozing'ono inyamulenso timabukuti, kuti alangizi a zaumoyo akatigawe poyendera midzi. Chachiwiri, uthenga ulembedwe m'chinenero cha eni dera, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena, ndipo ukhale ndi zithunzi zomveka kwa amene sadziwa kuwerenga. Chachitatu, wogwira ntchito m'boma polemba lipoti asamangotchula chiwerengero cha timabuku tosindikizidwa, koma anene midzi imene talandiridwa.

Inunso atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, ntchitoyi ndi yanu. Gwirizanani ndi mafumu, aphunzitsi, anamkungwi ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti kuti uthenga uwerengedwe mokweza pa msika, pa chigayo ndi pa bwalo la mpira, pamene achinyamata amasonkhana okha osaitanidwa.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana amene taphunzitsa lero kudziteteza ndiye adzalime, adzaphunzitse ndi kutsogolera dziko lino mawa. Tsegulani makatoniwo sabata ino.