Mawu a Mkonzi: Musanamuveke Mwana Baji

Chaka ndi chaka sukulu zathu za kuno kum'mawa kwa Zambia zimasankha ana oti atsogolere anzawo: maprefekiti, hedibhoyi ndi hedigelo, ndi oyang'anira magulu a mapemphero monga Scripture Union. Aphunzitsi amatsegula buku la malikisi, ndipo dzina loyamba kutchulidwa ndi la amene anakhoza masamu. Wina amafunsa ngati mwanayo amapemphera. Inde, amayimba kwaya, yunifolomu yake sikhala yamakwinya. Basi, amuveka baji.

Ife tikuti muyeso umenewu ndi woperewera. Kuti timvane, tiyeni titsikire kwa abale athu a m'chigwa cha Shire ku Malawi, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje.

Kumeneko madzi osefukira si mlendo. Anabwera mu Januwale 2015, anabweranso ndi namondwe Idai mu Malichi 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Shire ndi Ruo akadzaza, anthu a ku Makhanga ndi madera ozungulira Bangula amathawira kumtunda, ndipo kawirikawiri pofikira pake ndi pasukulu. Madesiki amawaunjika pakona. Amayi ndi makanda amayala mphasa pansi, pabolodi padakali masamu a dzana. Kuseri kwa kalasi kumafuka utsi wa pamafuwa, ndipo chimbudzi chimene anakumbira ana chimatumikira mudzi wonse.

Pamalo otere palibe amafunsa za malikisi. Anthu amaloza mwana amene wasenza ndowa kupita kumjigo kukatungira agogo omwe si abale ake. Amaloza amene wapatsidwa kope kuti alembe mayina a olandira ufa, koma osalemba azakhali ake kawiri. Chachiwirichi ndicho chowawa, poti mwina azakhali omwewo ndi amene amamugulira sopo ndi makope. Mwana amene angakane zimenezo mwaulemu, n'kupirira kunenedwa kuti ndi wodzimva, ndiye woyenera baji.

M'chigwa chomwechi ndimo munaikidwa Bishopu Charles Mackenzie, amene anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Ku Cambridge anali katswiri wa masamu. Anali nazo zolakwa zake, monga kulowerera ndi mfuti pa nkhondo za Ayao ndi Amang'anja. Koma amene amamutchula lero satchula masamuwo. Amakumbuka kuti mu 1861 anasunga ku Magomero anthu omasulidwa ku magoli a ukapolo, nawadyetsa ndi kuwaphunzitsa.

Tibwerere kwathu. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo sukulu zambiri zodziwika m'chigawo chino, monga Chassa ndi St. Monica's, zinayambitsidwa ndi mipingo. Tsono makolo ali ndi chifukwa chofunsa. Nanga bwanji m'sukulu zina zogonera konko, wovala baji ndiye amayamba kusankha nthuli yaikulu ya ndiwo? Bwanji mwana wofika kumene amachapa masokosi a prefekiti, n'kumagwada pamiyala chifukwa chokana? Madzulo prefekiti yemweyo amatsogolera pemphero, mawu ake okweza kuposa onse. Ana aang'ono amaziona izi, ndipo zimene amaphunzirapo n'zakuti udindo ndi wodyerapo. Akadzakula n'kukhala pa ofesi yogawa fetereza, tisadzadabwe.

Sitikunyoza kukhoza m'kalasi ayi. Khama pa mabuku ndi khalidwe ndithu, ndipo waulesi sangatsogolere anzake. Koma Ambuye amene anawa amawaimbira m'kwaya anasambitsa mapazi a ophunzira ake, ndipo imeneyo inali ntchito ya kapolo wa pakhomo.

Pempho lathu lipite kwa ahedi ndi makomiti a makolo, kuyambira ku Lundazi mpaka ku Petauke. Musanatchule mayina chaka chino, tsekani kaye buku la malikisi. Kafunseni ophika kukhitchini, alonda a pageti ndi ana a kalasi yotsikitsitsa kuti ndani amaperekeza mnzake wodwala ku chipatala usiku, ndani amabweza chenje akatumidwa. Mayina amene akupatseni, muwalembe poyamba.