Woneneza aime pabwalo

Ana anga a ku Masambanjati, inu othyola tiyi ndi inu ogulitsa nthochi pamsika, ndikufuna tikambirane za chala cholozera munthu. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye musandide.

Agiriki akale mawu oneneza munthu mlandu ankawatcha kategoria. M'kati mwa liwuli muli agora, bwalo la mzinda pomwe anthu ankasonkhana. Kwa iwo kuneneza kunali kuima poyera, dzina lako likudziwika, mwini mlandu akukumva. Ku Athens kunalibe loya wa boma woimba anthu milandu. Nzika yokha inkanyamuka n'kukasuma, ndipo pa milandu yokhudza mzinda, woneneza akalephera kukopa ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a oweruza, ankalipa chindapusa cha madrakima 1,000. Pakamwa panali ndi mtengo wake. Wodyera anzake miseche kumbali anali ndi dzina lina, diabolos, lomwe m'Baibulo lathu ndi Mdyerekezi.

Sindikunena kuti bwalo lawo silinkalakwa. M'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, lidaweruza Socrates kuti afe pomwa chiphe. Koma mpaka lero tikudziwa amene adamuneneza, Meletus, Anytus ndi Lycon, tikudziwanso kuti adapatsidwa mpata woyankha. Nanga amene adafa kuno kwathu chifukwa cha mphekesera za anamapopa, adawaneneza ndani? M'chaka cha 2017 nkhaniyo idayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika kuno ku Thyolo. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake kumadera ena. Anthuwo adaphedwa popanda bwalo loti woneneza aimepo n'kunena kuti, "Ndine ndamuona, umboni wanga nawu." Ambiri ankangoti "akuti". Ku Neno m'chaka cha 2016 okalamba anayi adaphedwa atanenedwa kuti ndi amene adatumiza mphenzi. Mtima umandiwawa ndikakumbuka, chifukwa lamulo la 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lidalipo, ndipo lilipobe.

Zimayamba pang'ono. Madzulo pasikelo mayi watula dengu, makilo ake achuluka kuposa a anzake. Wina akodola mnzake ndi chigongono: "Ameneyu ngwa kapitawo." Pofika kumalaini nkhani yasanduka chibwenzi. Pofika Loweruka mwamuna wake wamva kumowa, ndipo Lamlungu mayiyo akulowa m'tchalitchi atafunda chitenje kumaso kubisa chotupa. Woyambitsa uja ali phee pabenchi lakutsogolo, akuimba nawo nyimbo.

Musandimve molakwa. Sindikuti wolakwiridwa akhale chete. Mtsikana amene wamkulu wa pantchito akumuumiriza kugona naye kuti asunge ntchito ayenera kunena, ndipo ife tiyenera kumuperekeza, chifukwa wosauka akaneneza wamphamvu miyendo imanjenjemera. Oterewa ndi amene bwalo lidakhalira. Chimene ndikukana ndi mlandu wopanda mwini, woyenda pa WhatsApp usiku, womwe ukafunsa gwero lake aliyense amaloza kumbuyo.

Makolo athu sankathamanga. Mfumu inkakhazika odandaula uku, oyankha uku, ankhoswe ndi mboni pakati, ndipo nkhani ikavuta ankaigoneka, poti mlandu suwola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero tikufuna kumva, kuweruza ndi kulanga dzuwa lisanalowe, osakumbuka kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ukalamba womwe mukuutcha ufitiwu nanunso ukukudikirani.

Choncho wina akabwera kudzakunong'onezani za mnzanu, mufunseni ngati adaona ndi maso ake. Akavomera, muuzeni kuti tiyeni kwa amfumu kapena kupolisi, ndikuperekezani. Akayamba kuzemba, nkhaniyo ithere pakhomo panu pomwepo, musaiperekenso kwa wina.