Kulankhulira Dziko la Eni

Pali mwambo wina umene wafalikira m'sukulu za ukachenjede za maiko ambiri, umene eni ake amautcha Model United Nations, ndipo pa mwambo umenewu ophunzira, anyamata ndi asungwana amene ena mwa iwo sanapondepo ndi kale lomwe kunja kwa dziko lawo, amasonkhana m'holo masiku awiri kapena atatu, aliyense atapatsidwa dziko loti aliimirire, nayeserera zokambirana za akazembe a ku New York. Mwambowu si wa dzulo kapena dzana ayi. Unayamba m'zaka za m'ma 1920, pamene ophunzira a ku Oxford ndi ku Harvard ankayeserera League of Nations, bungwe lija linalephera kuletsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndipo United Nations itabadwa mu 1945, chinasintha ndi dzina lokha. Ku The Hague msonkhano wotere wa ana a sekondale wakhala ukuchitika kuyambira 1968.

Alipo akuluakulu ena amene amati zonsezi n'chibwana, pakuti mfundo zomangidwa m'holomo sizitontholetsa mfuti ngakhale imodzi. Ine sindigwirizana nawo, komabe ndiyenera kunena kuti okonza misonkhanoyi kawirikawiri ndiwo amapatsa onyozawo pakamwa, popeza mtima wawo wonse umathera pa holo, chakudya, mabaji, masatifiketi ndi mlendo wolemekezeka, amene adzafika dzuwa litapendeka, nalankhula kufikira nthawi ya zokambirana itatha. Zinthu zimenezi n'zofunika ndithu, ndipo amene anayendapo khomo ndi khomo kupempha thandizo la ndalama amadziwa thukuta lake. Koma mwini nkhani ndi kagawidwe ka maiko, ntchito imene ambiri amaigwira mothamanga kutatsala masiku owerengeka.

Tsiku logawa maiko likafika, aliyense amalimbirana America, China, Russia, Britain kapena France, pakuti maiko asanu amenewa ali ndi mipando yosatha m'khonsolo yoona za chitetezo, pamodzi ndi mphamvu yokana mfundo imene ena onse aivomera. Koma Lesotho, Nepal ndi Tuvalu amatsala ngati ana amasiye. Ndikadakhala ine wokonza, ndikadagawa mwa maere, ndipo pamene maere salowapo ndikadapatsa munthu dziko lomwe mtima wake ukulida. Makolo athu ankadziwa kuti nkhoswe yabwino ndi imene imanyamula mawu a mbali yoituma mokhulupirika, ingakhale iyo mumtima ikuona kuti mwana wawo ali ndi cholakwa, ndiponso imamvetsera mawu a mbali inayo kufikira itatha kuwabwereza osapotoza. Ukazembe ndi ntchito yomweyo, kungoti bwalo lake ndi lalikulu.

Tatengani nkhani ya malire a panyanja pakati pa ife ndi Tanzania. Mwana wa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay, amene anakula akudziwa kuti nyanjayo ndi yathu, apatsidwe mpando wa Tanzania miyezi iwiri msonkhano usanafike. Adzayenera kuwerenga pangano la 1890 pakati pa Britain ndi Germany, limene linaika malire m'mphepete mwa nyanja kum'mawa, pamene ife tatsamira. Koma adzayeneranso kufunafuna chifukwa chimene anzathuwo amanenera kuti malire a maiko ogawana nyanja ayenera kudutsa pakati pa madzi, nadzachinena pamaso pa anzake ndi nkhope yosaseka, ngakhale m'mimba mukumuwawa. Mwana ameneyo, akadzavula baji ya Tanzania madzulo ake, adzakhala wodziwa kuteteza Malawi kuposa anzake onse amene anangoloweza mbali yathu yokha, pakuti safunsa anadya phula.

Chiyeso china chimene chimagwera okonza ndicho kufewetsa malamulo kuti msonkhano uthe ndi kuwomba m'manja. Khonsolo ya chitetezo ili ndi mamembala 15, ndipo kuti mfundo idutse pafunika mavoti 9, popanda ngakhale mmodzi wa asanu aja wokana. Musachotse lamulo limeneli, abale anga, ngakhale likhumudwitse chotani. Alekeni ophunzira atope tsiku lonse akulemba mfundo, akunyengererana m'makonde ndi pansi pa mitengo, kumene ntchito yeniyeni imachitikira, kenaka mnzawo mmodzi akweze dzanja nagwetse zonse. Pamenepo ndi pamene adzamvetsa, koposa momwe buku lililonse lingawauzire, chifukwa chimene maiko a mu Africa, amene ali 54 mwa mamembala 193, anapanganirana ku Ezulwini mu 2005 kuti afuna mipando iwiri yosatha. Wapampando naye akhale munthu wodziwa malamulo, wosakondera, wolimba mtima kudula mnzake wapamtima nthawi yake ikakwana.

Za mphotho ndingonena mwachidule kuti kawirikawiri imapita kwa wolankhula Chingerezi chothamanga ndi mawu okweza, pamene mtsikana wofatsa uja anayanjanitsa magulu awiri osamvana amabwerera chimanjamanja. Suti ndi taye nazo zisakhale chipata chotsekera mwana wa mphawi kunja. Malaya ochapa bwino akwanira.

Tilinso ndi mbiri yathu imene ophunzirawa ayenera kuidziwa asanakhale pa mipando ya eni. Malawi inalowa mu United Nations pa 1 Disembala 1964, tsiku limodzi ndi Zambia ndi Malta, ndipo kazembe wathu woyamba kumeneko anali David Rubadiri, mphunzitsi ndi mlakatuli, amene sanakhalitse pa mpandowo, pakuti Dr Banda atasemphana ndi nduna zake, iye anatula pansi udindo mu 1965, nakhala kunja kwa dziko zaka zambiri, kufikira boma la demokalase linamubwezera ku New York mu 1997, asanadzatsogolere University of Malawi. Moyo wa munthu ameneyu uli ndi funso limene msonkhano wa ophunzira suyenera kulizemba: kodi kazembe anyamule mawu a omutuma kufikira pati, ndipo ndi liti pamene chikumbumtima chake chiyenera kumuimitsa? Ola limodzi la pa msonkhanowo liperekedwe ku funso limeneli, mabaji onse atavulidwa, aliyense akulankhula m'dzina lake.

Tsono inu amene mukukonza msonkhano wotere chaka chino, gawani maiko mvula isanagwe ngati msonkhano uli wa m'dzinja, lembani chikalata chofotokoza nkhani yokambidwa m'mawu omveka, ndipo ndalama zimene mukadakongoletsera holo mugulire nthumwi zanu mabando a intaneti kuti ziwerenge. Akazembe opuma pantchito alipo m'dziko muno. Itanani mmodzi adzakhale kumbuyo kwa holo masiku onsewo, ndipo potseka mum'patse mpata akuuzeni pamene mwaphonya.