Ndani Amene Sanamve Kanema?

Pali bodza lina lokalamba limene likana kufa, lakuti makolo athu pakuona kanema sanali kuzindikira kanthu. Ndalimva ngakhale pakamwa pa anyamata otsiriza sukulu, ndipo alinena ndi kuseka, monga ngati agogo onyozedwawo si ao. Tiyeni tilikumbe bodzali, tione muzu wace.

M'caka ca 1935 Azungu awiri, Major Notcutt ndi Bwana Latham, amene kale anali mkulu wa maphunziro a anthu akuda m'Northern Rhodesia, anamanga msasa ku Vugiri m'dziko la Tanganyika ndi ndalama za a Carnegie. Pofika 1937 anali atajambula makanema 35, ndipo ena anayenda nao pa galimoto kufikira kuno kwathu. Nkhani zace zinali zotani? Wina asunga ndalama ku Positi, mnzace akwirira zace pansi, mbala nizifukula. Wanzeru ndi wopusa, lero ndi mawa yemwe. William Sellers, amene anatsogolera Colonial Film Unit kuyambira 1939, anaphunzitsa kuti kanema wa munthu wakuda aziyenda pang'onopang'ono, asadumphe, kuti mutu wa woonayo ungasokonezeke. Central African Film Unit ya ku Salisbury, yoyamba mu 1948, sinapatuke kwenikweni m'njira imeneyo.

Koma anthu a ku Migodi anafuna zina. Mai Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba za makamu okhala pabwalo usiku, akupfuulira ngwazi ya pa kavalo ya ku America, imene anaicha Jack m'kanema ali yense. Akuluakulu a Boma anati kupfuulako ndi umboni wa umbuli.

Taonani tsono cimene sananene. Kanema asanafike ku komboni anayamba wapita kwa oyesa a Boma, amene anadula mbali zonse zimene anaopa kuti zingacepetse ulemu wa Mzungu. Cotsalaco cinali zidutswa. Kodi mukang'amba masamba m'buku, nimupatsa mnzanu, mudzamseka kuti satsata nkhani? Ndiponso, ngati anthuwo sanali kumva, lumo linali la ciani? Munthu sabisa mau kwa gonthi. Anadula cifukwa anadziwa kuti wogwira nchito pansi pa mgodi, pakuona Mzungu ataledzera kapena alikuba, adzamvetsa bwino lomwe.

Sindinena kuti makanema a Jack anali abwino. Ambiri anali acabe, ndipo eni dziko la America amene anaphedwa m'menemo anali olandidwa minda monga ife. Koma munthu wokhalira kulamulidwa ndi kapitao tsiku lonse, akakondwera ndi mwamuna wosagwadira ali yense, wasankha ndi nzeru zace. Anthu oleredwa ndi nthano za Kalulu, odziwa kumasulira cinyau cobvina pabwalo, sanasowe mphunzitsi wa ku London kuti awauze za cifanizo.

Mu 2017 Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anaturutsa I Am Not a Witch, kanema wojambulidwa m'Zambia muno, wa kamtsikana konenezedwa ufiti. Nkhani yace idumpha, ndipo zambiri isiya zosamasulira. Mu 2018 analandira mphotho ya BAFTA ku London. Oweruza akumeneko anacita kuwerenga mau olembedwa pansi pa cithunzi kuti amve Cinyanja cace, ndipo palibe amene anawadulira kanthu.