Nyanja sithawa, pitani mukadwazike makolo

Khirisimasi ikamayandikira, mabanja ambiri m'matauni ngati Balaka, Mponela ndi Luchenza amakhala atasunga kangachepe koti akapitidwe mphepo kunyanja ku Mangochi kapena ku Senga Bay. Ana amachita kuwerenga masiku. Kenaka foni imalira: agogo kumudzi agwa, BP yakwera, awagoneka m'chipatala.

Ife tikuti zikatere palibenso chokambirana. Ulendowo uyambe waima.

Tonse tikudziwa kuti m'zipatala zathu za boma wodwala amafunika womudikirira woti azimusambitsa, kumuchapira, kumuphikira phala ndi kuitana anamwino usiku. Nkhalamba yodwala sitiroko kapena shuga singathe izi payokha. Kutumiza ndalama pafoni nkwabwino, koma ndalama sitembenuza wodwala pabedi.

Chotidandaulitsa nchakuti kawirikawiri mtolowu umagwera mwana wamkazi mmodzi wotsala kumudzi, pomwe alongo ake apantchito ali kunyanja kudya chambo. Uku nkulakwa. Abale agawane masiku odikirira matenda, amuna omwe.

Sitikukana kuti nzowawa. Ndalama yomwe mudalipiriratu kumalo ogona mwina siibwerera, ndipo ana akhumudwa. Koma musawanamize. Auzeni zoona, ndipo ngati nkotheka atengeni akaone agogo awo. Mmene mukusamalira makolo anu lero, ana akuonerera, ndipo mawa adzakuchitirani zomwezo.

Paja akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Nyanja mukaipeza chaka chamawa ili pompo, koma za mayi kapena bambo anu palibe angakulonjezeni.