Mlandu wa laputopu ndi nkhondo ya m'phanga

Masabata awiri apitawo, Lachisanu masana, bambo wina adafika pasukulu pathu atamangirira laputopu pakaliyala wa njinga. Adafunsa za mphunzitsi wa Fomu 3, anzanga n'kuloza ine. Bamboyu ndi malume wa mnyamata wina wa m'kalasi mwanga, kuno ku Machinga timati amjomba, ndipo ndiwo amamulipirira fizi.

"Aphunzitsi, mwana wa mlongo wangayu watayika," adatero atangokhala pansi. "Chinthu ichi adatumiza ndi mkulu wake kuchokera ku Joni kuti chimuthandize sukulu. Koma iye akumachezera nacho usiku wonse kumenyana ndi ziwanda. Mawa ndikukachigulitsa ku Liwonde, ndalamayo tigule fetereza."

Sindikadawatsutsa. Mnyamatayu teremu ino wakhala akusinza m'kalasi, ndipo pamayeso a masamu a pakati pa teremu adapeza 41, mwana amene ku Fomu 2 sankatsika pa 70. Komabe ndidawapempha kuti andisiyire laputopuyo mpaka Lolemba, ndione ndekha chimene chikumudya mwanayu. Adavomera monyinyirika.

M'mutu mwanga ndinkayembekezera mpira kapena nkhonya, zija ana amalipira m'timashedi ta magemu pa Ntaja, pa Ulongwe ndi m'tauni ya Balaka, zongothamangitsa zala. Zimene ndidapeza ndi zina. Gemuyi dzina lake ndi Battle for Wesnoth. Adaiyamba ndi mkulu wina wa ku Australia, David White, m'chaka cha 2003, ndipo mpaka lero ndi yaulere, amaikonza ndi anthu ongodzipereka. Ukaiika m'kompyuta siifunanso bandulo. Bwalo lake ndi mapu ogawidwa m'timagawo ta ngodya zisanu ndi imodzi ngati zisa za njuchi, msilikali aliyense pakagawo kake. Mumasewera mosinthana ngati bawo: inu musuntha asilikali anu onse, kenako kompyuta isuntha ake. Mutha kuyang'anitsitsa bwalolo mpaka tiyi kuzizira, palibe wokukakamizani.

Nkhani imene mnyamatayu adafika nayo pakati ndi ya Konrad, mwana wachifumu amene akuthawa mfumukazi yolanda ufumu dzina lake Asheviere. Pamodzi ndi nkhalamba yamatsenga, Delfador, walowa m'mapanga a pansi pa mapiri kukafuna ndodo yachifumu ya moto. Mmodzi mwa awiriwa akangofa, nkhondo yathera pomwepo, mwaluza.

Loweruka madzulo, nditadya nsima, ndidakhala pansi kuti ndisewere mphindi 30 zokha.

Poyamba amakupatsa golide woti ulembere asilikali. M'ndandanda wa mnyamatayu ndidapezamo asilikali akale amene adawalera kuchokera kumayambiriro kwa nkhaniyi. Ambiri adali ma-elf, anthu a m'nkhalango, aatali, akatswiri a uta. Kuitana wakale aliyense ndi golide 20. Padalinso mtundu wina umene udangolowa kumene m'gulu lake, ma-dwarf, timadoda tafupitafupi ta ndevu ndi nkhwangwa, tokumbutsa amwandionerapati a m'nthano za agogo. Ndidatiderera. Ndidati nkhondo imafuna akatswiri, ndipo golide yense ndidamuthira pa ma-elf, wamatsenga mmodzi ndi kapitawo wawo wamkulu amene adapulumuka nkhondo zoposa 10.

Titangolowa m'phangamo ndidaona kuti zinthu zavuta. Mapu onse adali bii, umangoona pamene asilikali ako afika. Ma-elf aja, amene padambo amadumpha timagawo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, m'phangamo ankangosuntha kamodzi kapena kawiri, pamene dwarf amayendamo ngati ali pakhomo pa amake. Choopsa china n'chakuti m'gemuyi mwayi woti mdani akulase umadalira pamene waima. Elf akaima m'nkhalango amazinda mikondo 60 kapena 70 pa 100 iliyonse. M'phanga amazinda 30 yokha. Manambalawa adali pomwepo pasikirini, koma ine mphunzitsi wa masamu sindidawawerenge. Paja safunsa adadya phula.

Paulendo wachisanu tidatulukira m'chipinda chachikulu cha phangalo. Ndidakondwa kuti tsopano asilikali anga apeza malo otambasukira, ndipo ndidawakankhira onse m'katimo, kapitawo patsogolo. Kompyuta itayamba kusewera, mumdima mudatuluka zimphona zotchedwa troll, zinayi, kenako zina ziwiri. Zimenezi mdima ndi kwawo: pansi pa nthaka nkhonya zawo zimawonjezeka mphamvu ndi 25 pa 100, pamene anthu a masana monga Konrad ndi wamatsenga wanga mphamvu zawo zimatsika ndi mlingo womwewo. Kuonjezera apo, chimphona ukachivulaza koma osachimaliza, ulendo wotsatira chimadzichiritsa chokha ndi mapointi 8. Ndipo poti kagawo kali ndi mbali zisanu ndi imodzi, msilikali woima pambalambanda angathe kumenyedwa ndi adani asanu ndi mmodzi nthawi imodzi. Kapitawo wanga adazingidwa ndi zitatu.

Apa ndi pamene mtima udayamba kugunda ngati nkhondoyo ndi yeniyeni. Paulendo wachisanu ndi chiwiri ndidapha ziwiri mwa zitatuzo. Chachitatu chidatsala ndi kamoyo kochepa, koti kumenya kamodzi kokha kukadachimaliza. Kapitawo nayenso adali wefuwefu, wosatha kupirira nkhonya zina ziwiri. Ndidatsala ndi wamatsenga yekha amene adali asanasewere. Iye amaponya moto katatu, ndipo moto wa matsenga umalasa 70 pa 100 kulikonse kumene mdani waima. Gemuyi siibisa kanthu, imakuwerengeratu usanamenye: mwayi wopha chimphonacho udali 97 pa 100. Ndidamwetulira n'kudina.

Adaphonya koyamba. Adaphonya kachiwiri. Adaphonya kachitatu.

Chimphona chija chidadzichiritsa, n'kumuphwanya kapitawo. M'gemuyi msilikali akafa sabweranso m'nkhondo zotsatira, luso lonse limene adasonkhanitsa limapita naye. Mpata umene adasiya udatsegula njira yopita kwa Delfador, ndipo patangopita maulendo awiri nkhalambayo idagwa.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Gemuyi imasunga ulendo uliwonse, moti utha kubwerera m'mbuyo n'kuyesanso. Ndidabwerera paulendo wachisanu ndi chiwiri. Wamatsenga adalasa, koma kapitawo adaphedwa ndi chimphona china. Ndidabwereranso. Ndidabwereranso kachitatu. Batire la sola litayamba kulira, ndidayang'ana nthawi: 2 koloko ya usiku. Mayi akunyumba adangotembenuka n'kunena kuti: "Ndiye mwati amene ali ndi vuto ndi mwana uja?" Lamulungu ndidasinza kutchalitchi, ndipo makope a Fomu 1 adafika Lolemba osachongedwa.

Lolemba titaweruka ndidamuitana mnyamata uja kuofesi. Atatsegula laputopu adaona mndandanda wa maulendo osungidwa, n'kundiyang'ana mwamanyazi.

"Aphunzitsi, mwabwerera katatu?"

Ndidavomera. Ndidamufunsa ngati iye sabwerera.

"Ayi aphunzitsi. Wafa wafa. Ukamabwerera sudziwa pamene walakwitsa."

Ndidamupempha kuti asewere nkhondo yomweyo ine ndikuona. Ma-elf ambiri adawasiya. Adalemba ma-dwarf a nkhwangwa, golide 16 aliyense, amene m'phanga amazinda theka la nkhonya. Mwa akale adaitana asing'anga awiri okha. Atafika pakhomo pa chipinda chachikulu chija sadalowemo. Adaimika ma-dwarf awiri pampata wopapatiza, makoma mbali zonse, kuti zimphona zizibwera pang'onopang'ono, zina zizingoima pamzere kumbuyo. Kumbuyo kwa ma-dwarf adaika sing'anga wamkulu amene amachiritsa oyandikana naye mapointi 8 ulendo uliwonse. Wovulala kwambiri ankamubweza kukagona m'kamudzi ka m'phangamo, kamene nakonso kamachiritsa 8, wina wamphamvu n'kulowa m'malo mwake. Sing'anga wamng'ono ankakola chimphona choopsa kwambiri ndi zilambe, zimene zimadula mphamvu ya nkhonya zake ndi theka. Nkhondo idatenga nthawi, koma sadataye msilikali ndi mmodzi yemwe. Zimphona zitatha ndi pamene adalowa m'chipindamo.

Ndidamuonetsa ulendo wanga wa 97 pa 100 uja, n'kumufunsa ngati silidali tsoka chabe. Adaganiza kaye.

"Pepani aphunzitsi, kuponya motoko simudalakwitse, inenso ndikadaponya. Mudalakwitsa maulendo awiri m'mbuyomo, pomuika kapitawo pamalo poti wamatsenga akaphonya, iye afa. Ine ndisanasunthe munthu ndimayamba ndafunsa kuti zikakanika nditaya chiyani."

Ndidakhala chete. Mwana ameneyu pamayeso aja adasiya funso la probability osalikhudza, mutu womwe amakumana nawonso pamayeso a MSCE. Ndidatenga choko n'kulemba pabolodi 0.3 x 0.3 x 0.3 = 0.027, ndipo ndidamuuza kuti umenewo ndiwo mwayi wophonya katatu motsatizana, maulendo 27 pa 1,000 alionse. Adayang'ana bolodiyo n'kufunsa kuti: "Probability ija ndi imeneyi?" Wakhala akuigwiritsa ntchito usiku uliwonse osadziwa kuti ndi yomwe ija amaithawa m'kalasi. Vuto limeneli mbali ina ndi langa.

Funso lake lija, loti zikakanika nditaya chiyani, silachilendo kwa mlimi wa kuno. Amene amalima ku Phalula kapena ku Utale akudziwa kuti mvula ya ku Balaka siipangana ndi munthu. M'mwezi wa Marichi 2024 boma lidalengeza za ngozi ya ng'amba m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Wodzala chimanga chokhachokha munda wonse ali ngati ine ndi ma-elf anga: mbewu yabwino, pamalo posayenera, popanda pothawira. Wosakaniza nandolo, mapira kapena mbatata amakolola kenakake ngakhale chaka chitaphonya katatu. Amjomba aja atabwera Lachiwiri ndidawafotokozera m'njira imeneyi, ndipo poti ndi katswiri wa bawo pamsika wa kwawo, adamva msanga. Adati naonso satakata asanawerenge kuti mnzawo adya nkhomo zingati.

Koma sindidawauze kuti adalakwitsa, chifukwa sadalakwitse. Chinthu chimene chidagoneka mphunzitsi wa zaka zoposa 30 nthawi ya 2 koloko usiku sichingalephere kumugwetsa mwana wa zaka 16. Kusinza kwake m'kalasi n'koona, 41 uja ndi woona. Chimene ndidawapempha n'chakuti tisaphatikize zinthu zosiyana m'thumba limodzi. Pali ana m'sukulu zathu zoyendera amene akuthera ndalama pa kandege ka pafoni ndi kubetcha mpira. Kumeneko masamu adakonzedwa kuti mwini njugayo azipindula, ndipo mwana akaluza saphunzirapo kanthu koma kufuna kubweza ndalama yake. Gemu ya mnyamatayu siidya ndalama, manambala ake onse ali poyera, ndipo kuti utsate nkhani yake uyenera kuwerenga Chingerezi chambiri. Chimene imadya ndi tulo. Mankhwala a chinthu chodya tulo ndi kuchiikira nthawi.

Choncho makolo anzanga, musanaphwanye foni kapena kugulitsa kompyuta, khalani naye mwanayo theka la ola akusewera. Onani ngati pakutuluka ndalama. Onani nthawi imene akugona. Kenako mufunseni chifukwa chimene wasunthira chimene wasunthacho. Akayankha zomveka, pali china chimene akuphunzira, ndipo ntchito yanu ndi kumuikira malire. Akalephera kuyankha, kapena mukaona kuti pakudutsa ndalama, apo musazengereze.

Za ziwanda zija amjomba sadakhutire kwenikweni. Ndidawakumbutsa kuti nthano zathu nazonso zadzaza ndi zimphona ndi zilombo zolankhula, koma adati nthano zimatha moto ukazima. Ndi ufulu wawo, nyumba ndi yawo. Tidagwirizana chonchi: laputopu izigona kwa iwo kuyambira Lamulungu madzulo mpaka Lachisanu, kupatula pakakhala ntchito ya kusukulu. Loweruka masana, akabwera kumunda ndipo akamaliza homuweki, mnyamatayu asewere maola awiri. Masamu a kumapeto kwa teremu akapanda kufika 60, laputopu ipita ku Liwonde ndipo ine sindidzaikira kumbuyo. Mwiniwake adavomera, ndipo adasaina m'kope langa.

Mayesowo ayamba sabata zitatu zikubwerazi. Zotsatira zake ndidzakuuzani patsamba lomwe lino, zikome kapena ziipe. Pakadali pano ndamupempha kuti Lachinayi adzaime kutsogolo kwa anzake ndi kuwafotokozera za wamatsenga amene adaphonya katatu, ine ndidzajambula nthambi zake pabolodi.

Gemu ija ndidaikopera pa fulashi, ndipo ili m'laputopu yanga yakale ya ku Domasi. Lamulo la Loweruka likundikhudza nanenso, woliyang'anira ndi mayi akunyumba. Ndili paulendo wachisanu ndi chinayi, ma-dwarf awiri aima pampata, ndataya woponya mivi mmodzi, ndipo sindidabwerere m'mbuyo.