MSONKHANO WA NDARAMA ZA SUKULU

Tifuna kulankhula ndi abale athu a ku Malawi ndi a ku Mozambique akukhala ku Samanga ndi m'Honde Valley monse, ndiponso iwo akugwira nchito m'minda ya tiyi ya ku Chipinge, za kanthu kamene ambiri akayesa kacabe. Caka ndi caka mphunzitsi wamkuru atuma ana kukaitana makolo kuti adzapangane za ndarama zoyendetsera sukulu, koma anthu a kwathu ambiri sapitako ai. Pomva kuti sonkho la sukulu lakwera ndi pamene ayamba kung'ung'udza m'komboni, manja atakwezedwa kale.

Lamulo la maphunziro, monga linakonzedwa mu 2006, linena kuti sukulu yosakhala ya Boma, kaya ya misyoni, ya khonsolo kapena ya kampani, isakweze ndarama zolipira makolo popanda ambiri a iwo kubvomereza pa msonkhano, ndi kuti pa msonkhanopo pakhale makolo osacepera 20 mwa 100 ali onse. Pambuyo pace pempho lipita ku Boma. Tsono taŵerengani. Pa sukulu ya makolo 500, akafika 100 okha msonkhano wakwana, ndipo anthu 51 akhoza kumangira onse 500 katundu. Akafika 99 palibe cocitika, ndipo denga lodontha lidzadonthabe. Nayonso komiti yosunga ndaramazo, monga mwa malamulo a 1992, iri nao makolo asanu osankhidwa ndi makolo anzao. Nanga mwa asanuwo wa kwathu alipo?

Tidziŵa mau amene ena ayankha, akuti, Ife ndife alendo, za eni dziko sitiloŵerera. Mau awa anali ndi cifukwa cace, pakuti lamulo la 2001 linacotsera ana a macona ambiri unzika wao. Koma Malamulo Akuru a dziko a 2013 anati munthu wobadwira muno, amene kholo lace linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye anali kukhala muno, ali nzika yobadwa; naika Cicewa pakati pa zinenero 16 za dziko. Tiyi anayamba kubzalidwa ku New Year's Gift mu 1924, ndipo m'zaka zotsatira manja a agogo athu anathyolako masamba ace. Mlendo wanji amene manda a atate wace ali pomwepo? Ngakhale iye wosakhala nazo zitupa, mwana wace akakhala pa sukulu, ali kholo monga anzace.

Maganizo athu ndi awa: pitani mukabvomereze zimene sukulu isoŵa, koma mutaona mabuku. Aphunzitsi ambiri alipidwa ndi Boma, koma coko, mabenci, zimbuzi, mjigo ndi nyumba za aphunzitsi kaŵirikaŵiri zicokera m'thumba la makolo. Thandizo la BEAM, limene linayamba mu 2001 kulipirira ana amasiye ndi osauka, lakhala likufika mocedwa zaka zambiri. Nzoona kuti lamulo la 2020 liletsa kubweza mwana cifukwa ca ngongole, ndipo tiliyamika. Komatu lamulo siligula malata. Amene anaona namondwe Idai akusasula masukulu ku Chimanimani ndi ku Chipinge mu 2019 adziŵa. Cifukwa cace kukana zonse si nzeru, ndipo kukweza dzanja osafunsa si nzerunso. Msungicuma aŵerenge pamaso pa onse zimene zinaloŵa caka catha ndi kumene zinapita, naonetse malisiti. Kufunsa kotero si cipongwe kwa aphunzitsi.

Koma kodi anthu adzasonkhana bwanji? Wothyola tiyi alandira monga mwa kulemera kwa dengu lace, ndipo msonkhano wa Laciŵiri m'maŵa, m'nyengo ya dzinja masamba ali kuphuka, umlanda cakudya ca tsiku lonse. Tipempha makomiti kuti auike Lamulungu madzulo, anthu ataŵeruka ku chalichi. Kakalata kopatsira mwana sikakwanira, pakuti kamathera m'thumba la kabudula. Akuru a mpingo ndi a mzikiti alengeze. A mabungwe a maliro, amene adziŵa khomo liri lonse kuposa kalaliki wa kampani, ayende nyumba ndi nyumba. Akapitao anene m'munda. Amai asatsale, pakuti ndiwo adziŵa mtengo wa kope ndi wa yunifomu. Pakhalenso womasulira, kuti nkhalamba yosamva bwino Cimanyika kapena Cindau imve ziŵerengero m'cinenero cace.

Ndipo pobvomereza sonkho, pemphani kuti zilembedwe m'buku la msonkhano kuti wa nchito alipire pang'onopang'ono pa kutha kwa mwezi, wa nthoci alipire atagulitsa, ndi kuti wosoŵa ndarama aloledwe kuumba njerwa kapena kututa mcenga m'malo mwace.